Mapulifeti azisankhidwa ndi ndani, aphunzitsi kapena ana okha?

Madam a ku Jali: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino. Ine ndimaphunzitsa pa CDSS ina, sekondale yoyendera, kuno mbali ya ku Jali, dzina sinditchula, nde chaka chino ahedi andipatsa ntchito yoyang'anira mapulifeti. A Fomu 4 mitu yawo ili pa MSCE, tikuyenera kusankha atsopano mu Fomu 3. Chizolowezi chathu n'choti aphunzitsi timakhala mu sitafu n'kumatchula mayina, wina akuti uyu ndi waulemu, wina akuti uyu amakhoza masamu, basi Lolemba pa asembule ahedi n'kuwerenga mayinawo ana n'kuwomba m'manja. Koma hedi boyi amene tinasankha choncho chaka chatha, mwana wofatsa wanzeru zake, pofika telemu yachiwiri anabwera kwa ine misozi ili m'maso kuti madam ndichotseni anzanga sakundiyankhula akuti ndine kazitape wa aphunzitsi. Ndinamuona ndi maso angawa pa buleki atakhala yekha kuseri kwa kalasi ya Fomu 2 akudya chinangwa chake cha m'kapepala, anzake ali gulu pansi pa mtengo wa mango. Mtima unandiwawa, tinamupatsa baji koma tinamulanda anzake. Ndithandizeni maganizo, tizipanga bwanji?

Bambo a Tadala, Chinamwali: Madam langa ndi limodzi, asiyeni ana avote okha. Mukamusankha inu azigwirira ntchito inu, akamusankha anzake azidziwa kuti ali ndi ngongole kwa anzakewo.

Aphunzitsi opuma, Matawale: Ana anga ndilankhuleko monga munthu amene wagwira choko mpaka kupuma. Zovotazi ine ndinaziona. Demokalase itabwera 1994 ana ambiri anaimva molakwika, kuwauza kuti akasese akuti ufulu wanga, kuwauza kuti akasilashe bwalo akuti ufulu wanga. Pasukulu ina yomwe ndinali tinati chabwino avote. Anasankha mnyamata wotchuka pa mpira amene anawalonjeza kuti disiko izichitika Loweruka lililonse komanso pulepu ya m'mamawa itha. Telemu isanathe iye yemweyo ndi amene amatsogolera anzake kudumpha mpanda usiku. Mwana wa zaka 16 amavotera yemwe wamugulira mandasi. Mphunzitsi amamudziwa mwana, asankhe ndi mphunzitsi.

Nachisale, Sadzi: Aphunzitsi ndi ulemu wonse, ndikutsutsaniko pang'ono. Mphunzitsi amadziwa mwana wa m'kalasi, mwana wa ku hositelo samudziwa. Alipo atsikana amene pamaso pa aphunzitsi amagwada mpaka pansi koma magetsi akangozima ndi amene amalanda a Fomu 1 shuga ndi sopo, ife timawadziwa, sitafu sinkawadziwa, ndipo ena mwa iwo amapatsidwa baji. Ine ndinakhalapo hedi gelo pasukulu ya bodingi ndipo anandisankha ndi anzanga. Ndikuuzeni chimene chinachitika. Telemu ina nyemba zinabwera zofumbwa, ukalandira mbale anankafumbwe ali yandeyande pamwamba pa msuzi, umachita kuwakankhira pambali ndi supuni kuti upeze potowa nsima ya mgaiwa ija. Sabata yachitatu atsikana anagwirizana kuti mawa palibe kulowa m'kalasi ndipo ena anali atatolera kale miyala kuseri kwa khitchini. Anabwera kudzandiuza ine usiku womwewo, nanga si anandisankha okha, akanakhala kuti anandisankha ahedi akanandibisira. Ndinawapempha kuti andipatse tsiku limodzi. M'mawa ndinatenga atsikana awiri amene anali aukali kwambiri pa nkhaniyo, osati anzanga ayi, aukaliwo, tinapita kwa ahedi. Anatitengera ku sitolo, anatsegula matumba, anationetsa buku la omwe alipira fizi ndi omwe sanalipire, tinaona tokha kuti ndalama yake sikwana. Tinagwirizana kuti Loweruka tiziyanika nyembazo padzuwa ndi kusankha tokha, komanso pakhale komiti ya ana yoona zakudya matumba akamabwera. Palibe galasi lomwe linasweka chaka chimenecho.

Bambo a Tadala, Chinamwali: Eya nde zimenezo. Sukulu zimene timamva kuti ana aswa mawindo, aotcha ofesi, kambiri kamakhala kamba ka nyemba zomwezi ndi kusowa kolankhulira.

Aphunzitsi opuma, Matawale: Mwana wanga Nachisale wanena zomveka, koma taona kuti ahedi akowo anali munthu wotsegula sitolo. Akanakhala wina akanakupatsa kalata yopita kwanu kukatenga makolo. Vuto si voti yokha, vuto ndi loti mwana akasankhidwa akalankhula amamvedwa kapena ayi.

Wa openi, Mpondabwino: Pepani ndilowereko. Mukukamba za mapulifeti koma ife amene tinaphunzira openi ngakhale pulifeti sitinamuonepo. Ine PSLCE ndinakhoza koma dzina silinatuluke, nde mayi anga anandilembetsa openi ndi ndalama ya tomato. Timafika cha m'ma 2 koloko anzathu osankhidwa aja akuweruka, timakumana pa geti iwo akutuluka ife tikulowa, mipando yomweyo, aphunzitsi omwewo, MSCE yomweyo ya MANEB ili pompano pa Zomba, koma asembule kulibe, kalabu kulibe, timu ya mpira ya sukulu sitiloledwa, laibulale timaipeza yotseka. Zaka zinayi ndaphunzira pamenepo koma munthu akandifunsa kuti unaphunzira kuti ndimachita kaye kuganiza, sindimamva ngati inali sukulu yanga. Tsiku lina ndinajomba masabata awiri mayi akudwala ku chipatala cha Central, nditabwerera palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti unali kuti. Chimene chinandipweteka si fizi, ndi chimenecho.

Madam a ku Jali: Achimwene a Mpondabwino mwandikhudza. Ifenso tili ndi openi ndipo ndikunena zoona sindinaganizepo zoti nawonso akhale ndi mtsogoleri wawo. Ndalemba.

Make Chisomo, Thondwe: Ine ndili mu gulu la amayi loona za atsikana pasukulu ya kwathu kuno. Zimene anena achimwenewa za kusafunsidwa kuti unali kuti ndi zomwenso zimathamangitsa atsikana athu. Lamulo loti mtsikana akabereka abwerere ku sukulu lilipo kuyambira 1993, ife timayenda khomo ndi khomo kuwanyengerera makolo, mwana n'kuvomera, tam'pezera yunifolomu, koma akakalowa m'kalasi anzake n'kumamuitana kuti amayi, ena kumalira ngati khanda akamadutsa. Sabata ziwiri wasiya, ulendo uno osabweranso. Mphunzitsi sangakhale pamenepo nthawi zonse. Chinatithandiza chaka china ndi mtsikana mmodzi wa Fomu 4, analibe udindo uliwonse, anangoyamba kumudikira mnzakeyo pa mphambano m'mawa uliwonse kuti azilowa limodzi pa geti, n'kumakhala naye desiki imodzi pa nthawi yowerenga. Zonyozazo zinangozilala. Mwanayo analemba mayeso. Ine kwa ine mtsikana uja ndiye anali hedi gelo weniweni ngakhale dzina lake silinawerengedwe pa asembule.

Make Chisomo, Thondwe: Komanso musaiwale ana a selefu bodingi. Mwana wochokera kutali kunyanja ya Chilwa uko akuchita lendi kachipinda pa tiledingi senta, akuphika yekha, ufa ukatha palibe akudziwa. Amenewo akufunika mtsogoleri wawo woti azidziwa kuti uje lero sanayatse moto.

Che Jafali, Songani: Madam funso langa ndi ili, pulifeti mukamusankha ntchito yake imakhala yotani? Chifukwa nthawi yathu pulifeti ntchito yake inali kulemba mayina basi. Mayina a ochedwa, mayina a olongolola, mayina a olankhula chilankhulo cha kwathu. Ine ndinakulira m'Chiyao, Chichewa ndinachidziwira bwino ku pulayimale, Chingerezi nde chinali chachitatu. Fomu 1 sabata yoyamba ndinangoti kwa mnzanga wa kwathu mawu awiri a moni m'Chiyao, dzina langa linalembedwa, masana ndili ndi khasu kuzula chitsa dzuwa lili pamutu anzanga akuphunzira. Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa, chaka chonse m'kalasi sindinakwezepo mkono ngakhale yankho ndikulidziwa. Nde ngati ntchito yake ikhale yomweyo ya upolisi, kaya avota ana kaya asankha aphunzitsi, mwanayo adzadyabe yekha chinangwa kuseri kwa kalasi.

Nachisale, Sadzi: Che Jafali apa nde mwalasa. Chilango azipereka ndi aphunzitsi, amalipidwira zimenezo. Mwana asamalange mwana mnzake.

Aphunzitsi opuma, Matawale: Koma Chingerezi chija sitinkakakamiza mwankhanza chabe, mukudziwa nonse kuti ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE supata olo utakhoza zina zonse. Tinkafuna ana azolowere. Njira yake yokha ndiyo inali yolakwika, ndikuvomera, chitsa sichiphunzitsa Chingerezi. Dibeti ndi sewero zinkaphunzitsa bwino kuposa khasu, amene analowa kalabu ya sewero ankatuluka akuyankhula mopanda mantha.

Mnyamata wa ku Chikanda: Ine ndili pa yunivesite ya Chanco chaka chachitatu, ndinachokera ku CDSS. Chimene ndaona kuno n'choti anzathu amene anachokera sukulu zogonera zikuluzikulu anazolowera kuima pagulu, dibeti, magulu achikhristu a SCOM ndi YCS, kuyendetsa misonkhano, kulemba maminitsi, nde zisankho za ophunzira zikafika amangoima osaopa. Ife a ku CDSS nzeru tili nazo, nanga tinafika bwanji kuno, koma ambiri timakhala kumbuyo chifukwa zaka zinayi palibe anatipatsa mpata wolankhula pamaso pa anthu 300. Ine koyamba kugwira maiki manja amanjenjemera. Nde madam chonde kampeni ichitike, aliyense wofuna udindo aime pa asembule anene zomwe adzachite, anzake amufunse mafunso. Olo aluze, waphunzirapo kanthu kamene buku silingamupatse.

Bambo a Tadala, Chinamwali: Ndipo aziyankhula chilankhulo chomwe akufuna pa kampenipo, asamakakamizidwe Chingerezi, apo ayi adzapambana ndi a tauni okhaokha amene anaphunzira pulayimale ya pulaiveti.

Anganga a ku Namadidi: Zidzukulu zanga ine za sukulu sindinapite nazo patali koma ndikulera mdzukulu ali Fomu 1 ku bodingi. Telemu yoyamba anabwera ku holide ataonda, ndimufunse akungoti palibe. Kenako mng'ono wake ndi amene anandiuza kuti akuluakulu amawadzutsa pakati pa usiku, ena kuwauza kuti azimitse babu ndi mpweya wa pakamwa, ena kuyeza kutalika kwa hositelo ndi kamtengo ka machesi atagwada, chigumu ndi mtedza zimene ndinamukazingira anadya ena. Akuti ndi tizi, akuti aliyense amadutsamo. Nanga mapulifeti amakhala ali kuti? Mwana amene anavina atamva kuti wasankhidwa pano tsiku lotsegulira likayandikira mutu umamupweteka.

Nachisale, Sadzi: Anganga pepani kwambiri. Pitani mukaonane ndi ahedi kapena aphunzitsi oyang'anira bodingi, tizi ndi yoletsedwa m'sukulu za boma ndi za mishoni zomwe, ana amachotsedwa nayo sukulu. Musaope kuti amuzunza kwambiri, kukhala chete ndi kumene kumaikulitsa. Ife chimene tinachita nthawi yathu, Fomu 3 aliyense timamupatsa mwana wake wa Fomu 1 tsiku lofika lomwelo, amulandire pa geti, amunyamulire chikwama, amuonetse bedi, bafa, kolandirira chakudya, ndipo mwanayo akalira wofunsidwa ndi iyeyo. Munthu amene wapatsidwa mwana woti amusamale zimamuvuta kukazunza wa mnzake. Siinatheretu koma inachepa kwambiri.

Che Jafali, Songani: Tizi imapitirira chifukwa amene anazunzidwa Fomu 1 amadikira chaka chake kuti abweze. Pamafunika kalasi imodzi yoti inene kuti zithere pa ife.

Anganga a ku Namadidi: Zikomo ana anga, Lolemba ndikwera kabaza ndipite.

Aphunzitsi opuma, Matawale: Ndakhala ndikuwerenga zonsezi ndipo ndakumbuka mnyamata wina. Nthawi imeneyo ma DEC aja, sukulu za maphunziro apatali za MCDE, anali atangosinthidwa kukhala ma CDSS, cha mu 1998, ana ochuluka chifukwa cha pulayimale yaulere, aphunzitsi ochepa, ine anandituma pasukulu ina kumudzi. Panali mnyamata wovuta, wamkulu thupi, wochedwa tsiku ndi tsiku, zilango zonse tinamaliza, maenje a zinyalala onse a pasukulupo anakumba ndi iyeyo. Tsiku lina ndinatopa, ndinamuitana ndi kumupatsa chitsulo choimbira belu, belu lake linali limu ya galimoto yopachika pa mtengo, ndinavula wotchi yanga ya pamkono ndi kumuveka, ndati kuyambira mawa sukulu ino iyamba iwe ukaimba. Aphunzitsi anzanga anati wotchiyo mwataya. Mawa lake 6 koloko ndi theka mnyamata ali pansi pa mtengo, malaya atapisira, akuyang'ana wotchi. Sanachedwenso mpaka kumaliza Fomu 4, ndipo tsiku lomaliza anabweretsa wotchi ija ataikulunga m'kansalu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ankachedwa chifukwa ankayamba watunga madzi ndi kusamalira agogo ake, atapatsidwa belu anayamba kudzuka 4 koloko. Zaka ziwiri ndinkamulanga osamufunsa. Nde mwina ndisinthe mawu anga aja. Ana atchule mayina okha, aphunzitsi aone ngati pali wina ali ndi mlandu waukulu ndipo akamuchotsa anene chifukwa chake poyera, otsalawo ana avote mwachinsinsi. Koma aphunzitsi asachoke pamenepo, mwana wopatsidwa udindo amafuna wamkulu womufunsa sabata iliyonse kuti zikuyenda bwanji.

Mnyamata wa ku Chikanda: Aphunzitsi nkhani ya wotchiyi ndaiwerenga kawiri.

Make Chisomo, Thondwe: Ndipo maudindo achuluke madam, asakhale a ana 10 okha pasukulu ya ana mazana. Wina za mitengo ndi maluwa, wina za mpira wa manja, wina mabuku, wina kuona odwala, wina kalabu ya Edzi Toto, wina za chilengedwe. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sukulu zitatsekedwa ndipo m'makalasi mwina mukugona anthu amene nyumba zawo zinagwa, kwathu kuno ana a sekondale ndi amene amalemba mayina a mabanja, kutunga madzi, kusewera ndi tiana kuti tisalire. Palibe anawasankha. Sukulu itatsegulidwa tinawabwezeranso kokhala chete ndi kukopera manotsi ngati sitinaone zimene angathe.

Wa openi, Mpondabwino: Ndipo pakhale wina m'kalasi iliyonse woti munthu akajomba masiku atatu azipita kapena kuimba foni kufunsa kuti kwagwanji. Osati kulemba dzina kuti akalangidwe, kufunsa basi.

Bambo a Tadala, Chinamwali: Chinanso atsikana asamangokhala achiwiri. Paliponse wapampando mnyamata, wachiwiri mtsikana, mlembi mtsikana chifukwa akuti amalemba bwino. Tadala wanga ali Fomu 2 pakamwa pake mpakuthwa kuposa anyamata onse a m'kalasi mwake koma chaka chino anamupatsa zosesa.

Che Jafali, Songani: Komanso tsiku la misonkhano ya atsogoleriwo lisamakhale Lachisanu masana, ana achisilamu amakhala apita ku Juma, kuno ku Songani, Domasi mpaka Malosa ndi ambiri. Tinthu tating'ono ngati timeneti ndi timene timamuuza mwana ngati akuwerengedwa.

Madam a ku Jali: Abale zikomo, sindinayembekezere kuti mundipatsa zochuluka chonchi, ndadzaza masamba atatu a kope. Lachinayi tili ndi msonkhano wa sitafu ndikazitula. Mantha anga ndi aphunzitsi ena amene amadalira mapulifeti kuti aziwagwirira ntchito ya dyute iwo ali mu sitafu, amenewo sakondwa. Koma ndiyesa.

Madam a ku Jali: Mwadzuka bwanji, ndabweranso monga ndinalonjeza. Msonkhano unatenga maola atatu, mawu anakwera ndithu. Zovota ahedi avomera, m'njira imene ananena aphunzitsi a ku Matawale ija, ana atchula mayina sabata ya mawa, kampeni pa asembule masiku awiri, voti Lachitatu linalo. A openi asankha awiri awo, mnyamata ndi mtsikana, ndipo azikhala nawo pa misonkhano, tasuntha nthawi kuti izikhala 1 koloko Lachiwiri onse alipo. Zoti Fomu 3 aliyense akhale ndi mwana wake wa Fomu 1 zadutsa popanda wotsutsa. Pomwe ndagonja ndi pa mayina a ochedwa, aphunzitsi ambiri akana akuti pa geti pakhalebe pulifeti ndi kope, ndangopambanapo kuti chilango azipereka ndi mphunzitsi wa dyute ndipo ayambe wamufunsa mwanayo chimene wachedwera. Za chilankhulo akuti tikambirananso telemu ya mawa, Che Jafali sindinaiwale, ndidzaidzutsanso. Hedi boyi wathu uja ndinamuitana dzulo ndamupempha kuti iyeyo ndi hedi gelo ayendetse chisankhochi, kuwerenga mavoti pamaso pa onse. Anakhala chete kanthawi kenako anandifunsa kuti madam anzanga akavomera kuti ndiwerenge ine? Ndamuuza kuti kalasi iliyonse itumiza mboni ziwiri zoima pambali pake. Wavomera, ndipo m'mawa uno wabwera ndi mndandanda wa makalasi atalemba kale pa pepala. Chimene ndikusowa pano ndi makatoni oponyeramo mavoti, akufunika 6.

Bambo a Tadala, Chinamwali: Makatoni ndili nawo ku shopu madam, a sopo aakulu aja. Loweruka mukabwera mu tauni mundiimbire ndikupatsirani pa depoti, selotepi ndiikamo yomwe.

Aphunzitsi opuma, Matawale: Mapepala ovotera mudinde chidindo cha sukulu kuseri, ndipo muwerenge ana amene abwera tsikulo musanayambe, kuti mavoti asadzapose anthu. Ngati ahedi angalole ine ndibwera kudzaonerera, minibasi ya ku Jali ndikuidziwa pokwerera.

Anganga a ku Namadidi: Ine ndinapita kuja. Aphunzitsi a bodingi anandilandira bwino, anaitana mwana, poyamba amakana kenako anaulula zonse akulira. Amusamutsira chipinda china chomwe muli mnyamata wa Fomu 3 wa kumudzi kwathu konkuno. Dzulo waimba pa foni ya aphunzitsi akuti ndimutumizire mtedza wina, wambiri, akuti adyera limodzi ndi mnzakeyo.